Pa Mapepala Usadzatengere Bambo Ako, Tamanda

West Bromwich
Lamulungu masana, Okutobala 2009

Mwana wanga Tamanda,

Amayi ako akutenga kupita ku Cape Hill kukagula sikelo yoyezera masutikesi, ndipo ine ndanama kuti bondo likundiwawa kuti nditsale. Bondo lili bwinobwino. Ndimangofuna tebulo la kukhitchini ndi maola awiri opanda wondidula mawu. Ukudziwa mmene zimathera ndikayamba kukulangiza pakamwa: ndisanafike n'komwe pakati, iwe wanena kale kuti "Dad, I know," amayi ako n'kuphulika kuseka, nkhani n'kufera pomwepo. Pepala siliyankha. Mawa ukakhala m'ndege ya ku Australia ulibe kothawira, ndiye uwerenge mpaka kumapeto. Ndalemba m'Chichewa dala. Unachoka ku Dedza uli ndi zaka 16, usandinamize kuti unaiwala.

Monga unatifotokozera, viza yakoyi ndi yoyembekezera. Anakupatsa ataona luso lako la umakanika, msinkhu wako ndi Chingerezi chako. Ukakhale zaka ziwiri m'dera limene anakuuzalo, ugwire ntchito chaka chathunthu, kenako upemphe chilolezo chokhazikika. Pakamwa n'zosavuta. Ife tinayenda kale njira yofanana nayo kuno, ndipo pafupifupi dzenje lililonse la m'njiramo ndinagweramo ndine, amayi ako n'kumandivuula. Ndiye sindikupatsa nzeru za munthu wochenjera ayi. Ndikungokulozera maenje.

Ndiyambe ndi dzina. Unandifunsapo chifukwa chake anthu akwathu amanditchula Gilibati pomwe kuno ndine Lameki, ine n'kukuyankha kuti ndi nkhani yaitali. Nayi. Nditalephera kawiri kusankhidwa kupita ku sekondale, amalume anati ndibwerezenso Sitandade 8 pa dzina la msuweni wanga Lameki, yemwe anali atasiya sukulu n'kupita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya. Ambiri tinkatero masiku amenewo. Lameki anasankhidwa, ndiye kuti ine. Kuyambira pamenepo masatifiketi anga onse, mpaka pasipoti, zinatuluka m'dzina la Lameki. Koma tsiku la ukwati wathu, abusa amene anandibatiza ndili khanda analemba dzina limene ankalidziwa, Gilibati, ndipo ine ndi chimwemwe cha tsikulo sindinawerenge n'komwe. Mu 2002, amayi ako atamaliza miyezi yawo yoyesedwa unamwino kunyumba ya okalamba ku Hanley n'kulembedwa ntchito kuchipatala kuno, anatiitanitsa. Ndinavala suti n'kupita ku ofesi ya maviza ku Lilongwe. Mayi wa pawindo anayang'ana mapepala nthawi yaitali.

"Bambo, mayi awa anakwatiwa ndi a Gilibati. A Gilibatiwo ali kuti?"

"Ndine ndemwe."

"Nanga a Lameki?"

"Ndinenso."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati wandigwira ndikuba mkazi wa mwini. Zinanditengera miyezi itatu: kukalumbira kwa loya, kukatenga kalata kwa abusa aja omwe anali atapuma kale ntchito, ndiponso kukasaka Lameki weniweni ku Kasungu kuti asayine zoti iye si ine. Nditawafotokozera amayi ako pa foni, anati, "Ndiye tandiuzani, abambo a Tamanda, zaka zonsezi ndakhala ndikuphikira ndani?" Lero timaseka, koma iwe unataya teremu yonse ya sukulu chifukwa cha ine. Mwana wanga, dzina lako likhale limodzi pa pepala lililonse, zilembo zomwezo, ndondomeko yomweyo. Wa kubanki akalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi, usachite manyazi, ubwerere akakonze tsiku lomwelo. Ndipo akadzapezeka mnyamata wofuna kukupatsa dzina lake mapepala asanathe, umuuze kuti wakondwa, koma dzinalo lidikire.

Chachiwiri chikundichititsa manyazi. Ndinafika kuno ndili mphunzitsi wa zaka khumi ndi zinayi m'kalasi, ndipo ndinkaganiza kuti sukulu za kuno zidzandilimbirana. Atandiuza kuti satifiketi yanga iyenera kuyamba yaunikidwa, kuti nditumize mapepala a magiredi ndi makalata a kumene ndinkagwira ntchito, ndinapsa mtima. Ndinati ine ndaphunzitsa madokotala, ndani angandiyese? Mapepalawo ndinali nditawasiya m'kabati ku Dedza. Ndinati ndiwaitanitsa mwezi wamawa, ndiyambe ndagwirako ku weyahausi, kosungira katundu, kwa kanthawi. Kanthawi kaja lero kakwana zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mapepala aja chiswe chinawaunika kale. Tsono taona munthu yemweyo zimene anachita iwe utabwera kudzanena kuti ukufuna kuphunzira kukonza mabasi ndi malole. Ukukumbukira? Ndinati, "Ndakuwolotsa nyanja kuti uzikagona pansi pa galimoto?" Sabata yonse sindinakulankhule. Unkabwera madzulo ndi ovolosi yonunkha dizilo, ine n'kumatsegula mawindo mokokomeza. Anzanga kutchalitchi akafunsa, ndinkati ukuphunzira za uinjiniya, mawu oti makanika ankanditsamwa. Lero dziko lina lakuitana chifukwa cha sipanala yomweyo. Pamene anafuna umboni wa luso lako, iwe sunanyade ngati ine. Unasonkhanitsa satifiketi ya kukoleji, buku la ntchito zimene unaphunzira, kalata ya abwana ako a ku Smethwick yofotokoza chilichonse chimene umagwira, n'kutumiza. Ukafika kumeneko akati ulembenso mayeso ena kapena uyambire pansi pa munthu wosadziwa ngati iwe, ulembe, uyambire. Kunyada sikudinda pasipoti. Ndipo kulikonse kumene udzasiye ntchito, usatuluke pageti wopanda kalata yonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi ntchito imene unkagwira. Abwana amasamuka, makampani amatsekedwa.

Tsopano za thumba la buluu. Iwe unali kuntchito tsiku limenelo, unangomva mathero ake. Munali mu 2005, titangosamukira m'nyumba ino. Amayi ako ali pa shifiti, ine ndinati ndiwasangalatse pokonza kakabati ka pansi pa masitepe. Ndinapezamo thumba la buluu lodzaza mapepala akale: mapeyisilipi, makalata a khonsolo, a landilodi wa nyumba yathu yoyamba, a dokotala. Ndinati akazi amakonda kusunga zinyalala. Ndinalitaya mu bini, ndipo linali tsiku lomwe galimoto ya zinyalala imadutsa. Amayi ako atafika anayamikira ukhondo, anamwa tiyi, kenako anafunsa mofatsa.

"Thumba la buluu mwaliika pati?"

"Lija la mapepala akutha lija?"

Kapu anaiika pansi pang'onopang'ono. "Abambo a Tamanda, mmenemo muli zaka zitatu za moyo wanga. Tsiku lopempha chilolezo chokhazikika, tidzawasonyeza chiyani? Nkhope yanu?"

Ndinatuluka ndi masilipasi kuthamangira galimoto yomwe inali itadutsa maola anayi m'mbuyomo. Ndinafika mpaka pa siteshoni ya tiramu, kasitima ka m'tauni kaja, osadziwa kuti ndikuthamangira chiyani, mvula ikundinyowetsa. Zinatitengera pafupifupi chaka kupemphetsa makope. Ku ofesi ya malipiro kuchipatala anatithandiza, koma landilodi uja anali atagulitsa nyumba n'kusowa. Iwe viza yako yagona pa zinthu ziwiri, kumene ukukhala ndi kumene ukugwira ntchito, ndipo zonse ziwiri adzafuna umboni wolembedwa. Usadzati amandidziwa. Boma silidziwa munthu, limadziwa pepala. Sabata yoyamba yomweyo ugule fayilo. Pangano la nyumba likhale m'dzina lako, osati kungogona pa sofa pa mnzako miyezi isanu popanda pepala. Kalata iliyonse yokhala ndi dzina lako ndi adiresi, m'fayilo. Peyisilipi iliyonse, m'fayilo. Ujambulitse makope uzitumiza kuno, amayi ako azisunga. Usatumize kwa ine.

Pali china chimene sindinakuuzepo. Chaka chachiwiri tili kuno, nyumba yozizira, ine wotopa ndi kunyamula makatoni, kunabwera mphekesera yoti ku London manesi akulandira bwino kudzera m'makampani obwereketsa antchito. Ndinawaumiriza amayi ako kuti tisamuke. Ndinawavutitsa, Tamanda, miyezi iwiri. Iwo ankangoti, "Pemiti yanga yalembedwa chipatala chino. Ndikachoka popanda pemiti ina, ndathyola lamulo." Ine ndinkati aliyense akupita, ndani akuona? Mnzawo wina, Anaphiri, amene anabwera nawo ndege imodzi, anapitadi. Zaka ziwiri ankabwera kudzationa atavala makhoti okongola, ine n'kumawayang'ana amayi ako m'mbali. Itakwana nthawi yopempha chilolezo chokhazikika, anawafunsa kumene akhala akugwira ntchito, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anabwerera kumudzi ndi ana awiri omwe anali atazolowera sukulu za kuno. Tsiku lomwe tinawaperekeza, amayi ako anangondiyang'ana m'mbali, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kundikalipira. Iwenso zidzakupeza. Katauni komwe ukupitako ndi kakang'ono, wandionetsa pa mapu. Padzakhala Loweruka lina lotentha, losowa wocheza naye, wina n'kukuimbira kuchokera ku mzinda waukulu kuti bwera kuno, kuli ntchito, kuli anthu akwathu, palibe amene adzadziwe. Adzadziwa. Khala pomwe anakuikapo. Zaka ziwiri zimaoneka ngati phiri ukamaziyamba, koma ife tinazikwera kawiri ndi kachidutswa, ndipo tili moyo.

Kachidutswako ndi nkhani ya mbuzi, imeneyo ukuidziwa, koma ndikufuna uimve kuchokera kwa wolakwa. Tinabwera akuti zaka zinayi pa pemiti ya ntchito ndiye munthu apemphe kukhazikika. Amayi ako zaka zawo zinayi zinkakwana pakati pa 2006. Kutangotsala miyezi yochepa, kunamveka kuti zasintha, tsopano ndi zisanu. Titatuluka m'tchalitchi ndinafunsa a Mwale, aja a ku Chipata odziwa zonse aja. Anandigwira paphewa n'kuti, "Akulu, osadandaula. Lamulo limenelo n'la obwera manje manje. Imwe mwatsiriza kale." Ndinakhulupirira chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Ndinaitana anthu kuphwando, n'kukauza wa butchala ku Smethwick kuti atisungire mbuzi yathunthu. Amayi ako ankati tiyeni tiwerenge kaye, ine n'kumati a Mwale akhala kuno zaka khumi. Unali iwe amene unapita ku laibulale, n'kusindikiza lamulolo kuchokera pa kompyuta, n'kudzaliyala patebulo lino. "Dad, it's everyone. It's us as well." Ndipo unaloza chinthu chomwe tonse sitinachiganizire: pemiti ya amayi ako inali ya zaka zinayi, inkatha m'masabata ochepa, ndipo maviza athu tonse ankathera limodzi nayo. Tikanatumiza fomu yopempha kukhazikika n'kudikira mpaka atibwezere, mwina tikanapezeka tikukhala m'dziko la eni popanda chilolezo. Amayi ako anathamangira kwa akuluakulu a kuchipatala, fomu yowonjezera inapita nthawi ikadalipo. Mbuzi tinadya ndithu, chifukwa inali itaphedwa kale. Abusa anaitcha phwando lothokoza chaka chowonjezera, ndipo a Mwale anadya kuposa aliyense. Mwana wanga, malamulo a olowa m'dziko amasintha ngati nyengo ya kuno. Kulikonse kumene kuli anthu akwathu kuli a Mwale, anthu abwino mtima, okonda kuthandiza, koma si iwo amene adzakwere ndege yobwerera. Uziwerenga wekha zimene boma lalemba, miyezi ingapo iliyonse. Chikakuzunguza ufunse munthu wovomerezeka pa ntchito imeneyo. Tsiku lothera viza ndi lothera pasipoti uzilembe pakhoma. Ndipo tsiku lomwe udzakwanitse zofunika zonse, fomu ipite sabata yomweyo. Usadikire Khirisimasi, usadikire tchuthi.

Chaka chowonjezeracho chinabwera ndi mphatso yake: pofika 2007 anati aliyense wofuna kukhazikika alembe mayeso a za moyo wa m'dziko lino. Amayi ako ankawerenga kabuku kokonzekera mayesowo m'basi popita kuntchito. Iwe unkawerenga nthawi ya nkhomaliro, masamba onse ali ndi zidindo za girisi. Ine ndinati ndinaphunzitsa mbiri ndi jogalafe, mafumu a Angerezi ndimawadziwa kuposa eni ake. Tinapita atatu. Tinabwerera opambana awiri. M'tiramu amayi ako anatulutsa kabuku m'chikwama n'kundiika pamwendo, maso ali kunja. Masabata awiri otsatira unkandifunsa mafunso madzulo alionse, ndipo ndikalakwa unkati, "Again, sir," monga ndinkachitira ndi ana a anthu ku Dedza. Fomu iliyonse uiwerenge kawiri usanagwire cholembera, ngakhale funso likuoneka lachibwana. Ndipo uyankhe zoona. Chinthu chochititsa manyazi chimene wachinena wekha chimakhululukika, koma chimene achipeza okha chimatseka chitseko.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhalira pansi. Zinazi ndimangozungulira.

Chaka chatha utanena kuti ukufuna kutenga unzika wa dziko lino, ndinakana. Kwathu salola munthu wamkulu kukhala ndi mapasipoti awiri, ndiye kutenga ya kuno kunali kusiya ya Malawi. Unayesa kundifotokozera. Unati chilolezo chathu chokhazikikachi chimafa munthu akakhala kunja kupitirira zaka ziwiri, ndipo iwe ku Australia uyenera kukhalako zaka ziwiri zomwezo. Unati ukapita ndi pasipoti ya Malawi, tsiku lina udzafunika kupempha viza kuti udzaone amayi ako m'nyumba mwawo. Ndinamva mawuwo, koma sanalowe. Chimene ndinkamva ine n'chakuti mwana wanga akutaya kwawo. Ndinanena mawu oipa. Ndinati agogo ako akanakhala moyo akanalira. Tsiku la mwambo wolumbira ndinati ndili ndi shifiti, munapita awiri ndi amayi ako.

Ndinalibe shifiti. Mutangotuluka ndinavala suti, n'kukwera basi yotsatira. Ndinafika mwambo utayamba. Pakhomo panali bambo wachikulire wolandira alendo, anandifunsa ngati ndabwera ndi wina, ine ndinati ayi, ndikungodutsa. Ndinakhala pa benchi tsidya lina la msewu. Ndinakuonani mukutuluka, iwe uli m'diresi lachitenje lija anakusokera amayi ako, satifiketi ili m'manja, zala zako zakuda ndi mafuta ngakhale unazitsuka m'mawa wonse. Munapempha mayi wina wodutsa kuti akujambuleni. Asanajambule unayang'ana uku ndi uku, ngati ukufuna munthu. Ndinabisa nkhope kuseri kwa nyuzipepala. Kenako ndinathamangira basi kuti ndikafike kunyumba inu musanafike, ndinavula suti, ndipo mutalowa munandipeza ndikuonera mpira. Amayi ako sadziwa mpaka lero, ngakhale ndikukayika, chifukwa madzulo ake anandifunsa kuti tayi ikutani pa mpando.

Unkanena zoona, Tamanda, ine ndinalakwa. Unaona patali kuposa bambo ako. Sunkataya kwanu, unkasiya chitseko cha nyumba ino chotsegula. Ndakhala ndikuganiza: ine ndayenda zaka zonsezi ndi dzina la munthu wina m'pasipoti, koma ndikafika ku Dedza palibe amene amandifunsa kuti ndine yani. Kabuku ka pasipoti sikanandisinthe ine, sikangakusinthe iwe. Undikhululukire. Ndimafuna kunena zimenezi pakamwa, koma chatha chaka ndikuyesa, ndipo nthawi zonse ndimathera kukufunsa ngati wathira mafuta m'galimoto.

Zotsalazi ndi zing'onozing'ono. Pasipoti, kalata ya viza ndi masatifiketi zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Upeze tchalitchi, ngakhale ayimbe mozizira. Uvale chipewa, akuti dzuwa la kumeneko silisankha khungu. Amuna a ku galaja akayamba kukuyesa chifukwa ndiwe mkazi, usakangane nawo, ungokonza injini imene yawakanika, monga unachitira ku Smethwick. Amayi ako uziwaimbira Lamulungu lililonse. Akuoneka olimba, akungolongedza ndi kulamula, koma dzulo ndinawapeza m'chipinda mwako atakhala pabedi, atagwira ovolosi yako yakale. Ine usavutike nane, ungowauza kuti andipatse moni, ndidzakhala nditaima pambali pawo pomwepo kumvetsera.

Chithunzi cha tsiku lija chili pakhoma m'chipinda chochezera, ndipo ndimachiona tsiku ndi tsiku. Muli awiri, ndipo kumanzere kwako kuli mpata wokwana munthu mmodzi. Zimenezo sindingazikonze. Koma tsiku lomwe chilolezo chako chokhazikika chidzatuluke, undiimbire ine poyamba, ngakhale kuno kukhale kusanache. Ndidzalemba ndekha fomu ya viza yodzakuona, ndidzaiwerenga kawiri, amayi ako adzaiona kachitatu. Ndidzabwera ndi suti, ndipo sindidzakhala pa benchi.

Ndamva galimoto yanu panja, ndipo amayi ako akufuula kale kuti nditsegule chitseko. Ndiyambe kutsimphina.

Upite bwino, makanika wanga. Mulungu amene anatiwolotsa ife ndi zolakwa zanga zonsezi sangalephere kukuwolotsa iwe.

Ndine bambo ako,
Gilibati, amenenso ndi Lameki